Fumbi la Sakhalapansi

Mng'ono wanga sanakhalepo pampando mpaka mpandowo kufunda. Amadya ataima, amayankha moni ali kale pachipata, ndipo ukamutuma ulusi wakuda amabwera ndi nkhani za mumsewu, ulusi ayi. Dzina loti Sakhalapansi anam'patsa ndi malemu bambo athu iye akadali kukwawa, ndipo mpaka lero anthu a mumsewu mwathu sadziwa dzina lake lina. Ine ndine mkulu wake, telala wa pakhonde la golosale, ndipo ndamusokera madiresi okwanira kuti ndinene mosaopa kuti munthu ameneyu sayezeka. Ukamuzunguliza tepi m'chiuno, iye watembenuka kale kuti aone galimoto imene yadutsa.

Zimene anayamba n'kuzisiya n'zosawerengeka. Kwaya anaithawa asanaloweze nyimbo ngakhale imodzi. Mpira wamanja anausiya tsiku lomwe anam'patsa yunifomu. Ndinayesa kumuphunzitsa kusoka, abale inu, anandithyolera masingano n'kumati makina anga ndi aulesi. Atamaliza sekondale analowa sukulu ya unamwino, koma chaka chisanathe tinangomuona watulukira ndi chikwama, ati fungo la mankhwala likumupweteketsa mutu. Amayi anangotenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo pamene anali atasesa kale. Ine ndiye ndinalankhula. Ndinamuuza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Iye anangoseka, ati pusiyo bola anaona mitengo yambiri.

Ndiye atatiuza kuti wapeza malo kuyunivesite, akaphunzira uinjiniya wa magetsi ochokera ku dzuwa, mphepo ndi madzi, ine ndinati chabwino, tiona. Mumtima ndinali nditayala kale bedi lake, ndikudziwa kuti timulandira mvula isanagwe.

Koma sanabwere. Zikuoneka kuti sukulu imeneyi inamuyenera chifukwa inali yosakhazikika ngati iye mwini. Sabata ino akuwerengera za kutentha, sabata yamawa ali pamwamba pa nsanja akumangirira kachipangizo koyezera mphepo, inayo ali kumtsinje madzi ali m'mawondo akuyeza liwiro lake. Akabwera kunyumba Loweruka zala zimakhala ndi zipsera za mawaya, ndipo palibe chamagetsi m'nyumba chimene chinapulumuka. Wailesi anaimasula, simbi yanga yositira anaimasula, tochi ya amayi anaibweza ikuwala kuposa kale koma batani lili chammbali. Masamu a chaka chachiwiri anamugwetsa. Analira, anatukwana buku, analiponya kuseri kwa kabati, ine ndinati basi zathera pano. M'mawa mwake ndinamupeza akulivuula ndi ndodo ya tsache. Analembanso mayesowo n'kukhoza.

Ndinayamba kumunyadira, ndisabise. Kasitomala akangofunsa za banja, ine ndinali nditayamba kale kuti mng'ono wanga ndi injiniya. Pofika chaka chomaliza amayi anali atayamba kundifunsa chamseri kuti kodi patsiku lolandira digiri makolo amavala zotani. Tonse tinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mwana ameneyu amalizeko kanthu kamodzi pamoyo wake.

Tsopano muwadziwe amayi athu. Anagwira ntchito yosesa ndi kukolopa m'maofesi mpaka mawondo anawakana. Atapuma, mphamvu zonse zija anazibweretsa kunyumba. Amapukuta masamba a maluwa a m'chitini. Amapukuta kunsi kwa mipando kumene ngakhale mphemvu siyang'anako. Mlendo akaika kapu pansi kuti apume pang'ono, amaipeza yatsukidwa kale tiyi asanamalize. Kwa iwo fumbi si dothi wamba, ndi chipongwe chimene wina wawachitira.

Chaka chomaliza wophunzira aliyense amachita ntchito imodzi yaikulu, imene amati pulojekiti, ndipo popanda imeneyo palibe digiri. Sakhalapansi anasankha kufufuza kuti fumbi limaba magetsi ochuluka bwanji pa galasi la sola. Njira yake inali yapafupi. Anatenga magalasi awiri ofanana n'kuwamangirira moyandikana padenga la kanyumba kathu kosungiramo katundu, kamene kanayang'ana kumsewu wafumbi wodutsa malole. Limodzi lizipukutidwa m'mawa uliwonse, linalo lisakhudzidwe nyengo yonse yachilimwe. M'kanyumbamo anaikamo kabokosi kolemba mphamvu imene galasi lililonse likutulutsa, n'kumatumiza manambalawo pafoni yake. Kusiyana kwa manambala a magalasi awiriwo ndiye kunali pulojekiti yonse.

Mphunzitsi womuyang'anira, bambo wina amene ophunzira ankamutcha a Pang'onopang'ono chifukwa cha kalankhulidwe kake, anamuchenjeza kuti ntchito imeneyi ndi ya munthu wodekha. Iye anati n'chifukwa chake waisankha, chifukwa izidzichita yokha. Miyezi yomweyo anayenera kukaphunzira ntchito pakampani ina yoika masola m'madera akutali, ndiye anaganiza kuti fumbi lizigwa, kabokosi kazilemba, iye aziyendayenda.

Tsiku lonyamuka ine kunalibe, ndinali kumakina. Ndinamva pambuyo pake, mbali zonse ziwiri, ndipo zinagwirizana. Chikwama chili paphewa, mwendo umodzi uli kunja kwa chipata, minibasi ikuimba hutala.

"Amayi, la kumanzereli muzilipukuta m'mawa uliwonse. La kumanjali lisiyeni."

"Ndilisiye bwanji, mwana wanga?"

"Lisiyeni basi. Ndachedwa, ndiimba foni."

Kufotokoza konse kunathera pamenepo.

Foni ankaimbadi, nthawi zambiri ali padenga la eni, mphepo ikuwomba moti mawu amamveka modukaduka. Amafunsa kuti amayi, mukupukuta? Amayi amati ndikupukuta, mwana wanga. Kenaka anayamba kuimbira ine, mawu ali othamanga. Manambala a magalasi awiri aja ankafanana ngati mapasa. Anandituma kangapo kuti ndikaone ngati kagetsi kobiriwira ka pakabokosi kakuyaka, ndipo kankayakadi. Anandituma kuti ndigwedeze mawaya. Anati kabokosi n'kabodza, anati amene anakagulitsa ndi wakuba, anasintha zina pakompyuta yake, anasinthanso. Ine podutsa ndinkaona magalasi onse awiri ali waliwali padenga, ndikuti zinthu zikuyenda bwino, poti palibe amene anandiuza kuti limodzi liyenera kukhala lauve. A Pang'onopang'ono anamuuza kuti apite akaone ndi maso. Iye anati alibe nthawi, sabata imeneyo akukaika masola pasukulu ina yakutali.

Anabwera chilimwe chitatsala pang'ono kutha, masana ena dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinali kwa amayi, ndinawabweretsera makatani amene ndinawapinda. Moni anaupereka akuthamanga, n'kuzungulira kuseri. Kenaka kunangoti zii. Kwa munthu ameneyu zii si chinthu chabwino, ndiye ndinamutsatira.

Ndinamupeza ataima njii, akuyang'ana padenga. Amayi anatulukira kumbuyo kwathu atanyamula nsungwi yaitali, kunsonga kwake atamangirira nsanza yoyera mbee, nkhope ili yosangalala.

"Waona? Sindikweranso pampando. Ndinapanga iyi, imafika mpaka kungodya."

"Amayi, la kumanjali mwakhala mukulipukuta?"

"Masiku oyamba ndinalisiya monga unanenera. Koma linayamba kuoneka moipa, iwe. Anthu odutsa mumsewu aziti m'nyumba umo mulibe munthu? Ndiye ndinati mwanayu akundimvera chisoni chifukwa cha mawondowa. Kupukuta limodzi ndi kupukuta awiri n'chimodzimodzi."

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Sindinadumphitse tsiku ngakhale limodzi, ngakhale lija ndinadwala malungo."

Sakhalapansi anagwira mutu ndi manja onse. Anayenda mpaka kumpanda, anabwerera, anapitanso. Ndiye analankhula mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira magazi amandiwira. Anati, "Moyo wanu wonse mwakhala mukupukuta zinthu za eni osafunsa kuti n'zachiyani. Lero mwandipukutira digiri."

Amayi anatsitsa nsungwi ija pang'onopang'ono n'kuitsamiritsa pakhoma.

Ine dzanja linandiyabwa, ndipo chimene chinamupulumutsa ndi makatani amene ndinanyamula. Ndinati, "Iwe, pakamwa pakopo. Unawafotokozera kuti fumbilo ndi lachiyani? Unakhala nawo pansi? Munthu wakuyang'anira magalasi ako ali ndi malungo, ndiye malipiro ake ndi amenewa?"

"Ndinawauza, asisi."

"Unawauza uli pachipata, monga umauzira aliyense chilichonse."

Anandiyang'ana, anayang'ana amayi, n'kutuluka. Madzulo anabwera ali zyolizyoli, anapepesa ataima pakhomo la khitchini. Amayi anati zatha, koma mbale zimene ankatsuka zinali zotsuka kale.

M'mawa mwake anapita kwa a Pang'onopang'ono, ndipo anabwera ndi chigamulo. Ayambirenso pomwepo. Mvula ikachedwa mpaka nthawi ya mayeso, fumbi likhala litaunjikana mokwanira kuti alembepo kanthu. Ikafulumira, pulojekiti yagwa, adikire chilimwe cha chaka chamawa, anzake alandire madigiri iye akuonerera.

Ngati zimenezo sizinakwane, bwana wa kampani ija anaimba foni. Anamukonda chifukwa padenga amakwera ngati buluzi ndipo satopa. Anati ntchito ilipo, yaikulu, kutali, ndipo iye safuna pepala, amafuna manja. Anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Sakhalapansi analongedza chikwama n'kuchiika kuseri kwa chitseko cha pabalaza.

"Mvula ikagwa msanga ndikupita," anatero. "Sindingadikire chaka chathunthu chifukwa cha fumbi."

Ndinachita mantha, chifukwa ndinkamudziwa. Akapita ameneyu sadzabwereranso kusukulu, ndipo zaka zonse zija zidzangokhala nkhani ina yoti tizisimba pamodzi ndi ya kwaya ndi ya unamwino.

Ulendo uno anawafotokozera amayi bwinobwino. Anawatengera kuseri, anawaonetsa manambala pafoni, anatenga galasi lawo lowerengera n'kulipaka ufa pang'ono kuti aone mmene kuwala kumachepera. Anati pali zipatala ndi masukulu kumene magetsi amazima msanga, anthu n'kumati sola yafa, pamene vuto ndi fumbi, ndipo palibe amene akudziwa bwino kuti azipukuta kangati. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Anati, "Ukananena choncho poyamba paja." Nsungwi ija anaipereka okha kuti aziisunga ndi iye.

Masabata otsatirawo m'nyumba mwathu munalibe mtendere. Fumbi linayamba kugwira galasi la kumanja, poyamba ngati utsi, kenaka lofiira ndithu. Amayi ankavutika ngati munthu amene akumva kuyabwa pamsana pamene dzanja silifika. Anasiya kudzera kuseri. Poyanika zovala ankafulatira kanyumbako. Tsiku lina mbalame inachitira chitosi pakati penipeni pa galasilo, ndipo ndinawapeza atakhala pakhonde manja atawapanira pakati pa mawondo.

"Nachonso chija ndi cha sukulu?" anafunsa.

"N'cha sukulu, amayi."

"Koma sukulu zina."

Mayi woyandikana nafe nyumba sanachedwe kuponya mawu pampanda, ati kodi anzathu mwadwala, galasi lija lafika pamenepa? Amayi anayankha kuti fumbi limenelo ndi la mwana wawo, akuliphunzira kuyunivesite. Mayiyo anapita akuseka, ndipo amayi sanadye bwino tsiku limenelo.

Sakhalapansi ndiye anali yakaliyakali. Amadzuka, kuyang'ana kumwamba. Amapukuta galasi la kumanzere, kuyang'ana foni, kuyang'ananso kumwamba. Amapita kukalasi, pobwera amadzera pakhonde panga kudzandionetsa manambala, ine ndili ndi mapini pakamwa. Manambalawo anali atayamba kusiyana, pang'ono pokha, koma tsiku lililonse mpata umakula. "Taonani, asisi, likuba ndithu," amatero, maso ali gwa pafoni, kasitomala wanga ataima ndi diresi la theka. Msewu wonse unkalira ndi kutentha. Mipopi inkatulutsa mpweya, ana anatuluka zidzolo, aliyense amati mvula ibwere tipume. Nyumba yathu yokha ndi imene inkaona kamtambo n'kukhumudwa. Lole ikadutsa n'kutibula fumbi, anthu amatseka mawindo akutukwana, mng'ono wanga amaimwetulira.

Mvula inabwera Lachinayi lina masana, mayeso akadali kutali. Kunayamba kamphepo kozizira, mapepala anauluka mumsewu, kumwamba kunada bii mbali imodzi. Fungo lija la dothi litandifika m'mphuno ndinadziwa kuti zathera pano. Sakhalapansi anali kukalasi. Ndinalowetsa makina m'golosale, n'kuthamanga, ine amene sindithamanga.

Ndinafika madontho akuluakulu atayamba kumenya malata. M'nyumba munalibe munthu. Kuseri ndinapeza zimene sindidzaiwala. Amayi anali atakokera tebulo lakukhitchini pafupi ndi kanyumba, pamwamba pa tebulo anaikapo mpando, ndipo iwo anali ataima pampandopo, ndi mawondo awo aja. Anatenga pulasitiki ya patebulo, mbali imodzi anaikoleka pamisomali ya denga, inayo anaigwira m'mwamba ndi manja onse awiri kuti ikhale ngati kadenga pamwamba pa galasi lafumbi, osalikhudza. Mikono inkanjenjemera. Madzi ankatsika ndi pulasitiki n'kumawathira kumaso.

"Amayi, tsikani mugwa!"

"Gwira mpandowo, usandilankhulitse. Silinanyowe."

Ndinagwira mpando. Ndikanatani? Mvula inakula, ndipo tinakhala choncho, iwo m'mwamba ine pansi, mpaka tinamva njinga yamoto ikuima pachipata. Sakhalapansi anazungulira nyumba akuthamanga, atanyowa chapuchapu, nsapato imodzi ili m'manja. Atationa anaima.

"Lilipo lonse, mwana wanga," anatero amayi. "Ndafika msanga. Bwera ugwire mbali iyi, mikono yatopa."

Sanasunthe. Anayang'ana galasi lija, fumbi lake lili phee pansi pa pulasitiki, chitosi chija chili pomwepo.

"Amayi, chotsani pulasitikiyo."

"Wati chiyani?"

"Chotsani. Lisiyeni linyowe."

Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Wapenga kodi? Mvula yoyamba sichedwa kukata. Tikaliteteza lero, mwina ina ibwera mayeso atafika. Ndani adziwe? A Pang'onopang'ono ali pano?"

"Padenga la chipatala palibe amene amaimirira ndi pulasitiki, asisi. Tikaliphimba, manambalawo akhala a galasi limene kulibe."

"Ndiye utaye chaka chifukwa cha zimenezo?"

"Ndikufuna kudziwa zimene fumbi limachita," anatero. "Poyamba ndinkangofuna pepala. Pano ndikufunadi kudziwa. Ndikanama pano ndiye kuti sindidzadziwa."

Chibadwire chake ndinali ndisanamumvepo akunena kuti akufuna kuona mapeto a chinthu.

Amayi anayang'ana pansi pamene tinali, madzi akutsika m'masaya. "Ndiye kuti ndalakwanso."

"Ayi, amayi. Simunalakwe. Tsikani."

Anakwera patebulo, anawagwira m'chiuno, ndipo anamasula yekha zala zawo pa pulasitiki, chimodzichimodzi, chifukwa zinali zitauma ndi kugwira. Mphepo inaitenga n'kukaikoleka pampanda. Tinawatsitsa awiri. Kenaka tonse atatu tinaima pamvulapo, tikuonerera fumbi la masabata onse aja likusanduka matope ofiira, n'kumatsetsereka m'malata mpaka pansi. Posakhalitsa magalasi onse awiri anali akuwala mofanana. Ndinalira, ndipo sindinabise.

Bwana uja anamva kuti mvula yagwa, ndipo m'mawa mwake lole ya kampani inaima pachipata, makwerero ali pamwamba, anyamata ali kumbuyo akumuitana. Ine ndinali nditagona komweko chifukwa mawondo a amayi anatupa. Sakhalapansi anatuluka kuchipinda, anaima pafupi ndi chitseko pamene panali chikwama. Anachiyang'ana, anayang'ana kuwindo, anapita kukhitchini, anabwerera. Hutala inalira kachiwiri. Amayi anali pampando, miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, ndipo sanadzutse mutu. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisalankhule, chifukwa ndinadziwa kuti ndikangoti usapite, apita.

Anatuluka chimanjamanja. Tinamuona pawindo akulankhula ndi bwanayo, akuloza kudenga la kanyumba, bwanayo akupukusa mutu. Lole inanyamuka. Anaiyang'ana mpaka inakhota, ndipo anakhalitsa pachipatapo asanalowe.

Musaganize kuti anasintha. Miyezi yamvula yonseyi watizunguza mitu. Wakonza mawailesi a msewu wonse, ofuna ndi osafuna. Kawiri konse ndamumva akunena kuti analakwitsa, akanapita ndi lole ija. Anzake atavala mikanjo yawo anapita kukawaombera m'manja, anabwerako maso ali psuu, n'kudzitsekera m'kanyumba kaja mpaka dzuwa kupendeka. Amayi anamuikira chakudya pakhomo, osagogoda.

Pano mvula ikutha. M'mawa uliwonse Sakhalapansi amatuluka kumsewu, amanyonyomala, amatapa dothi n'kulifikisa m'manja kuti aone ngati layamba kuuluka. Dzulo ndikudutsa popita kumakina ndinawapeza awiriwo pachipata, amayi atatsamira tsache.

"Lauma?" anafunsa amayi.

"Likadali lonyowa."

"Ndiye titani?"

Sakhalapansi anapukutira manja m'siketi, akupondaponda ngati pansi pakutentha, maso ali kumsewu kumene lole ina inkabwera.

"Tidikira, amayi," anatero.